Mchombo Pansi pa Nsungwi za Atchaina

Mchombo wa mwana wanga unagwa m'mawa wina wa chisanu ndikumusintha thewera. Ndinaupeza m'mbali mwa kamimba kake, kanthu kakuda, kouma gwa. Namwino amene ankabwera kudzationa kunyumba anati ndingoutaya m'bini. Anatero akumwetulira, ngati akunena za chikhadabo. Ndinamuyankha kuti chabwino, koma atangotuluka ndinaukulunga m'kansalu n'kuuika m'kabokosi ka machesi.

Kwathu mchombo satayira agalu. Ukagwa, azimayi akuluakulu amautenga n'kukaukwirira pakhomo, ndipo kuyambira tsiku limenelo munthu amakhala ndi kwawo. Wanga uli ku Dedza, kuseri kwa nyumba ya amayi, pamene kale panali nkhokwe. Ndikhoza kuzungulira dziko lonse, koma wina akandifunsa kwathu sindichita chibwibwi.

Ndinaimbira foni amayi masana omwewo.

"Amayi, wagwa."

"Sunamugwere pakati pa miyendo?"

"Ayi, ndaupeza m'mbali."

"Ambuye alemekezeke. Ndiye ukwirire pakhomo."

"Pakhomo pake pati, amayi?"

Tinkachita lendi zipinda ziwiri zam'mwamba m'nyumba zogundana za njerwa zofiira, m'tauni ina ya kumpoto kwa England kumene ndinabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Amuna anga ankanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kunja kwa tauni. Ukatsegula chitseko chakumaso unkaponda msewu. Ukatsegula chakuseri unkaponda simenti, n'kuonana ndi mabini a eni nyumba. Dothi loti nkhuku n'kupalasa panalibe.

Amayi anati ndiusunge m'sutikesi kufikira tsiku limene tidzabwere kumudzi. Ndinakana. Ulendo wa anthu atatu sinali nkhani ya chaka chimenecho kapena chinacho, ndipo mchombo wa munthu wamoyo sukhala pakati pa nsapato ndi zitenje. Koma chifukwa chenicheni sindinawauze. Mwanayo anabadwira kuno, koma pamapepala sanali wakuno. Anangomulemba kumchira kwa viza yanga ngati katundu. Ku Malawi anali asanapondeko, ndipo sindinkadziwa ngati adzapondeko ali mwana. Ndinkafuna kuti dothi lakuno limudziwe, ngakhale maofesi akukana kumudziwa.

Malo ndinali nawo kale m'maganizo. Ndinawadziwa chifukwa cha madala ena amene ndinkawasamalira kunyumba kwawo. Ntchito yanga inali kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala ndi kumva madandaulo awo, ndipo gawo lomalizali ndilo linali lalikulu. Anali munthu wamtali, wopindika msana, wogontha khutu limodzi chifukwa cha phokoso la fakitale ya zitsulo imene analowa ali mnyamata. Ankanditchula kuti lavu, ngati ndine wachikondi wawo. Poyamba ndinkanyansidwa, ndinkati nkhalambayi ilibe manyazi, mpaka tsiku lina ndinamva dalaivala wa basi akutchula choncho wapolisi.

Dzuwa likawala, zomwe kuno n'zakamodzikamodzi, ankalamula kuti ndiwakankhe pachikuku chawo kupita ku paki. Kumapeto kwa pakiyo kunali khoma loyera, ndipo pakhomalo panali chipata chobulungira ngati lichero. Ukalowa, phokoso la mabasi linkatsala kunja. Anthu ankautchula munda wa Atchaina. Tsiku loyamba ndinaseka. Munda wanji wopanda ngakhale phata limodzi la chimanga? Munali dziwe la nsomba zikuluzikulu zofiira zimene palibe ankadya. Munali kamlatho kokhotakhota ngati anakamanga munthu woledzera, ndi miyala italiitali yobookabooka imene kwathu tikanaiphwanya n'kumangira maziko a chimbudzi. Pakati panali kanyumba kopanda zipupa, denga lake lopindikira m'mwamba m'makona. Koma kuseri kwa kanyumbako kunali nsungwi. Zenizeni, zobiriwira, zolira mphepo ikawomba monga zinkalirira zija bambo ankadula polukira nkhokwe. Chifikireni m'dziko lino ndinali ndisanaone chomera chimene ndikanachitchula dzina. Ndinazigwira ndi manja onse awiri misozi ili chuchuchu, madala aja n'kumaganiza kuti ndi mphepo.

Mbiri ya mundawo ndinaimva kambirimbiri, chifukwa madala ankaiwala kuti anandiuza dzulo.

"Ukuuona mwala uwo, lavu? Unangotsala pang'ono kundithyola msana."

Akuti fakitale ya zitsulo itatsekedwa, amuna a tauni yonse anangoti kakasi. Akuluakulu a khonsolo anayamba kuyendayenda kufuna abwenzi, ndipo anapalana ubwenzi ndi mzinda wina wa ku China umene nawo unkasula zitsulo. Ankayembekezera kuti kubwera mafakitale. Mafakitale sanabwere, kunabwera munda. Miyala, matailosi ndi matabwa zinabwera pa sitima yapamadzi, pamodzi ndi amisiri amene Chingerezi sankachidziwa ngakhale moni. Madala, ulova utawakwana, analembedwa ntchito yowanyamulira miyala. Ankalankhulana ndi manja. Amisiriwo ankatha kutembenuza mwala umodzi tsiku lonse kufunafuna nkhope yake, wonyamulayo thukuta lili kamukamu. Chisanu chitafika, azimayi a m'tauni anawasonkhera majekete a amuna awo, ndipo amisiri afupiafupiwo ankagwira ntchito atapinda manja a majeketewo. Tsiku lotsegulira kunabwera meya ndi unyolo wake m'khosi, ana a sukulu ndi timbendera, ndi bandi ya malipenga ya kufakitale, imene inatsala yamoyo fakitale itafa. Pakhoma anakhomapo chitsulo cholembedwa m'zilankhulo ziwiri kuti ubwenziwo sudzatha.

"Iwe ndi ine tidzasanduka manyowa, munda uwu udakalipo," ankatero madala.

Ndinawakhulupirira. Mlendo amakhulupirira msanga chinthu chokhomedwa pakhoma. Komanso ndinkaona kuti mundawo unali wobwera ngati ine ndemwe. Eni dziko anauitana okha zinthu zitawathina, anaulandira ndi malipenga, ndipo unakhazikika. Ndinkati ngati dothi lino linalola nsungwi, lidzalolanso mwana wanga.

Tinapita Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, mwana ali kumsana mkati mwa jekete, kabokosi ka machesi ndi supuni zili m'chikwama. Khasu kuno ukalipeza kuti? Amuna anga anadandaula njira yonse.

"Mayi ake, mukudziwa kuti kuno makamera ali paliponse? Atithamangitsa dziko chifukwa cha supuni."

"Inu ingoimani pachipata. Akabwera munthu mukhosomole."

Anakhosomola kuyambira pamene ndinagwada mpaka pamene ndinadzuka. Ankakhosomolera ngakhale nkhunda. Ine ndinakwawira mkati mwa nsungwizo n'kuyamba kukumba. Mizu yake inali yolukanalukana, yolimba, moti supuni inapindika. Nditafika pakuya ngati chikhatho ndinatulutsa kansalu kaja n'kukagoneka pansi. Mawu amene azimayi akuluakulu amanena sindinkawadziwa, poti tsiku limene ankakwirira wanga sindinkamva kanthu. Ndinangonena pemphero la Ambuye, kenaka ndinaliuza dothilo dzina la mwana, lachichewa lija, osati limene amamuitanira kuchipatala. Ndinakwirira, n'kutsendera ndi chibakera, n'kuwazapo masamba ouma. Mawondo a siketi yanga yakutchalitchi anali matope okhaokha, koma ndinakwera basi mtima uli m'malo.

"Ndiye mdzukulu wanga ndi Mtchaina tsopano?" anatero amayi nditawauza. Anaseka mpaka kutsamwa. Atasiya kuseka anati, "Malo a eni ake amenewo, mwana wanga. Koma poti wakwirira, wakwirira."

Nditabwerera kuntchito, ndinapezeka ndawaululira madala aja tili pafupi ndi dziwe. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Mwina ndinkadalira kuti pofika mawa akhala ataiwala. Anandiuza kuti ndibwereze kukhutu lakumva, ndipo atamvetsa anaseka mpaka mano oikirira anagwedezeka. Kenaka analoza madziwo ndi ndodo.

"Mkazi wanga ali umo."

Akuti atamwalira anamuwotcha, monga amachitira kuno, ndipo madalawo anaika phulusa lake m'fulasiki. Anabwera kudzakhala m'kanyumba kopanda zipupa kaja ngati akumwa tiyi, n'kumakhuthula pang'onopang'ono mlonda akayang'ana kumbali.

"Theka la tauni ino lili muno, lavu. Palibe anapempha chilolezo."

Zowotcha maliro zimandinyansa mpaka lero, koma kuyambira tsiku limenelo ndinkawaona madalawo ngati anansi. Aliyense wa ife anali ndi wake m'mundamo.

Mwana anaphunzirira kuyenda pa kamlatho kokhotakhota kaja. Ndikakhala pa ofu ndinkapita naye, n'kumulowetsa m'nsungwi muja, n'kumuuza kuti kwanu ndi pano. Iye ankamenya pansi ndi kadzanja kake n'kumaseka. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, monga ana onse obadwira kuno. Tsiku lina mayi wina wachizungu anamufunsa m'basi kuti kwawo n'kuti, funso limene pakamwa pa ena limakhala lachikondi, pakamwa pa ena ayi. Mwana anayankha mosajejema kuti kwawo ndi kumunda wa nsomba. Mayiyo anaseka, koma ine ndinatupa ndi kunyada.

Mundawo sunafe tsiku limodzi. Choyamba inafa ndi pampu imene inkayendetsa madzi, ndipo dziwe linachita ndere. Nsomba zinayamba kuchepa. Mlonda anapuma pantchito ndipo akhonsolo sanalembenso wina. Matailosi anayamba kugwa padenga la kanyumba kaja, akhonsolo n'kungozunguliza chingwe chofiira. Anyamata analemba zotukwana pakhoma loyera, wina n'kuzula chitsulo cha ubwenzi wosatha chija, mwina kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Chipata anayamba kutsegula Loweruka ndi Lamlungu pokha. Kenaka tinapeza loko wamkulu, ndipo ine ndi mwana tinkangosuzumira pakati pa zitsulo za chipatacho. Nsungwi zokha ndizo zinkasangalala. Popeza panalibe wozidula, zinakula mpaka kupitirira khoma.

Nyengo yomweyo ndi imene mawu anasintha pa wailesi ndi pa kanema. Ife amene anatiitana kuti tidzasambitse makolo awo tinayamba kumva kuti tachuluka. Viza yanga inali pafupi kutha, ndipo ndinkayenda monyang'ama ngati mkamwini wa kuchikamwini amene munda wake sunabereke.

Zitamveka kuti khonsolo ikufuna kugulitsa malowo kwa omanga nyumba zosanja, anaitanitsa msonkhano m'holo ya tauni masana ena. Madala anati akapanda kupita afa. Ndinawameta ndevu, ndinawaveka tayi, n'kuwakankha mpaka kutsogolo. Ine ndinali m'yunifolomu yanga yantchito. Usiku wonse ndinali nditakonza mawu m'mutu. Ndinkati ndikaimirira n'kuwauza kuti m'mundamo muli mchombo wa mwana wanga, ndipo akafukula nsungwizo amufukula iyeyo.

Anthu analankhula. Mphunzitsi wina wopuma anakamba za mbiri ya tauni. Mayi wina wachikulire wachitchaina, amene anakalambira kuno akukazinga nsomba ndi tchipisi, anati ana ake onse anajambulitsa zithunzi za ukwati pa kamlatho kaja. Woyankha anali mtsikana wa kukhonsolo, wotopa, waulemu, woti sungamude. Anati iyenso anakulira m'mundamo. Koma thumba la khonsolo labooka, ndipo afika posankha pakati pa kukonza munda ndi kulipira anthu osamalira okalamba m'makomo. Atatero, maso a anthu angapo anatembenukira kwa ine ndi yunifolomu yanga. Sanandiyang'ane mwankhanza. Anangondiyang'ana monga umayang'anira mtengo wa chinthu m'sitolo. Ndinamva manyazi ndi ukali nthawi imodzi, chifukwa anali atandiika pa sikelo, ine mbali ino, kwawo kwa mwana wanga mbali inayo.

Madala anamenya pansi ndi ndodo.

"Mkazi wanga ali m'dziwe limenelo. Mumumangira nyumba pamutu?"

Mtsikana uja anapepesa kwambiri. Kenaka anafotokoza mofatsa kuti kuthira phulusa m'mundamo sikunali kololedwa, choncho khonsolo singawerengere malowo ngati manda.

Dzanja langa, limene ndinkakweza kuti ndilankhule, linali litafika kale paphewa. Ndinalibweza pang'onopang'ono n'kuliika pachikuku. Ngati anamuyankha choncho munthu amene ananyamula miyala ya mundawo pamsana pake, wobadwira m'tauni momwemo, nanga ine wa supuni? Ndikanaimirira pamaso pa akuluakulu a boma n'kuulula ndekha kuti ndinakumba malo awo n'kukwiriramo chiwalo cha munthu, viza ili m'manja mwa anzawo. Kwa eni kulibe mkuwe. Sindinaimirire, ndipo zimenezo zimandiwawabe mpaka lero.

Chichokereni kumsonkhanoko madala sanapemphenso kupita ku paki. Dzuwa likawala ankati nditseke makatani. Anamwalira chisanu chisanathe, ndipo ana awo anabwera kuchokera kummwera kudzawawotcha. Kumene anakathira phulusa lawo sindikudziwa. Ine anandipatsa khomo lina loti ndizikagwirako.

Ndinawauza amayi zonse. Sananene kuti ndinakuuza, ngakhale ndinamva kuti mawuwo ali pamlomo.

"Mchombowo unawola kalekale, usavutike kuufuna," anatero. "Upite ukatape dothi la pamenepo, ngakhale lodzaza dzanja. Ulisunge. Tsiku limene udzabwere tidzalithira pamene pali wako."

Nkhani ya sutikesi ija inabwereranso, koma ulendo uno sindinakane. Vuto linali loko. Khoma linali lalitali, ndipo amuna anga ananeneratu kuti za kukhosomola anathana nazo, sakwera khoma la boma. Ndinaganiza zodikira tsiku limene omanga adzatsegule chipata kuti ndikawapemphe. Munthu angakanize mnzake dothi lodzaza dzanja? Ndinkasuzumira pawindo la basi m'mawa uliwonse popita kuntchito, nsonga za nsungwi zikuoneka pamwamba pa khoma. Kenaka anandisintha dera kwa masiku angapo kuti ndikagwirire mnzanga wodwala, ndipo basi yake inkadzera njira ina.

Tsiku langa la ofu litafika ndinatenga mwana, supuni yopindika ija ndi kabotolo kotsuka bwino. Titatsika basi ndinamva phokoso ndisanaone kanthu. Mbali imodzi ya khoma loyera inali pansi. Chipata chobulungira chinali chitaima chokha popanda cholowera. Dziwe linali louma, ndipo miyala yobookabooka ija anali ataigoneka pamatabwa n'kuimanga ndi malamba. Ndinayang'ana kuseri kwa kanyumba kaja. Kunali kumwamba kokhakokha. Pamene panali nsungwi panali dzenje loti munthu wamtali ataimamo sangaoneke, ndipo chimashini chokumba chinkatapa dothi n'kumathira m'lole.

Ndinaitana bambo wina wovala jekete yachikasu amene anaima pampanda wa waya. Anabwera akuchotsa zotsekera m'makutu.

"Pepani bambo, nsungwi zinali apo zili kuti?"

"Tinayambira zimenezo, lavu. Nsungwi n'zamakani. Ukasiya kamuzu kamodzi zimaphukanso, zimaboola ngakhale simenti. Ndiye timachotsa ndi dothi lomwe, lonse, mpaka pansi."

"Dothilo mukupita nalo kuti?"

"Kudzala."

"Dzala lake liti?"

Anakweza mapewa. Anati zimatengera lole, ena amakataya uku, ena uko, ndipo ambiri anapita kale dzulo ndi dzana. Anandifunsa ngati ndinataya mphete kapena kanthu kena. Anali munthu wachifundo, ndipo ndikanamupempha akananditapira dothi pansi pa dzenjelo. Koma limenelo linali dothi lakuya lachikasu, limene silinamvepo dzina la munthu aliyense. Ndinamuuza kuti sindinataye kanthu.

Ndinaima pamenepo. Sindinalire. Ndinangodziwa kuti chinthu chimene ndinachitira mwana wanga chokhacho m'dziko lino, chimene sichinafune siginecha ya munthu, chatha. Ku Dedza kulibe chake. Kuno kulibe chake. Amayi akadzaimba Lamlungu adzafunsa ngati ndatapa, ndipo kabotolo kali m'chikwama kopanda kanthu.

Mwana anandikoka siketi n'kundifunsa m'Chingerezi kuti nsomba zapita kuti. Ndinamuyankha m'Chichewa kuti zasamuka. Anafunsanso ngati ifenso tisamuke. Ndinamuuza kuti amange zipi ya jekete, kukuzizira.

Bambo uja anatsegula mpanda kuti lole ituluke. Inadutsa pafupi nafe pang'onopang'ono, yodzaza mpaka pamwamba, timizu toyera tikusuzumira m'dothi lakuda. Mwana wanga amakonda malole. Anasiya dzanja langa, n'kukweza ake onse awiri kuibayibitsa, akudumphadumpha. Dalaivala anamuona, anamuimbira hutala, ndipo mwana anapitiriza kubayibitsa mpaka loleyo inakhota pakona.